Cilembo ca S pa Giya: Cimakupatsani Ciani, Cimakudyelani Ciani?

Msuweni wanga amayendetsa Honda Fit ya munthu wina. Amanyamula anthu amene amamuitana pa foni, kuyambila m'mamawa mpaka maso atalema, ndipo pa Ciwelu paliponse afunika kupeleka cashing kwa mwini motoka, kaya makasitoma analipo kaya kunali zii. Mafuta amagula yekha. Conco lita iliyonse imene yapsa pacabe yacoka m'mbale ya mwana wake.

Mwezi watha anafika kunyumba kwathu nkhope ili gwa. Ati motoka yayamba kumwa monga cidakwa ca kumapeto kwa mwezi. Anali atasintha kale mapulagi, atagula sefa ya mphepo yatsopano, ndipo makanika wina anali atayamba kumunong'oneza zakuti atsegule injini. N'namuuza kuti, "Tiye unipelekeko ku tauni, nimveko mmene ikulilila." Tinanyamuka ku Chelstone. Tisanafike na pa Munali pomwe, vuto n'nali n'taliona kale. Ndodo ya giya inali pa S.

"Iwe, giya iyi waiika pa S dala?"

"Ee. Anyamata ananiuza kuti mphamvu ili pamenepo. D ni ya madala, imapangitsa injini ulesi."

"Kuyambila liti?"

"Kaya. Mawiki atatu mwina."

Mawiki atatu a m'jamu ya Great East Road, Lumumba na Kafue Road, injini ikulila monga ikwela phili pamene motoka ikukwawa kumbuyo kwa minibasi. Sin'namuseke, cifukwa si iye yekha. Namvapo wina akukamba kuti S itanthauza kusunga mafuta. Wina ati ni giya ya pa mseu waukulu cabe, ukangopitilila Kabangwe uikepo mpaka ku Ndola. Mamotoka athu ambili amacokela ku Japan atagwila kale nchito, amaloŵela ku Nakonde kapena ku Chirundu, ndipo kabuku ka malangizo, ngati kalimo, kali m'Cijapanizi. Palibe amene anatiŵelengelako. Zimene tidziŵa za mabatani a m'motoka tinazimva ku car wash.

Ine maganizo anga ni awa. S ni cida cabwino maningi, koma nchito yake ni ya mphindi zocepa pa ulendo. Amene amaisiya yoyaka tsiku lonse amalipila mafuta pogula cinthu cimene sanalandile. Ndipo cimene cimaniopsa kuposa mafuta n'cakuti S imanamiza manja na mapazi a dalaivala kuti motoka yagwila mseu bwino, pamene matayala ni omwe aja a dzulo.

Tiyambe na cimene cimacitika mukaika pa S kapena mukadina batani lolembedwa Sport. Injini siikula. Vitz ya 1000cc, ija ya masilinda atatu, ili na mahosipawa pafupifupi 70, ndipo ikhala na omwewo kaya muli pa D kaya pa S. Kuno ku Lusaka siifikako n'komwe, cifukwa tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokela pa nyanja yamcele, mphepo ni yopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi a mphamvu yake pa mamita 1,000 alionse okwela. Palibe batani limene lingabweze mphepo imeneyo. Alipo mamotoka ena a turbo amene amalola kukankha kowonjezela kwa masekondi ocepa akakhala pa Sport, koma si amene adzaza pa Kulima Tower kapena pa Manda Hill.

Cimene cimasintha ni maganizo a kompyuta ya giyabokosi. Pa D, kompyuta imathamangila giya yapamwamba mwamsanga, kuti injini izizungulila pang'onopang'ono. Pa S, imacedwa dala. Imagwila giya yapansi mpaka singano ya RPM itakwela, imabwelela pansi msanga mukangoponda pang'ono, ndipo mukacotsa phazi siithamangila kukwela giya. Injini ya petulo imatulutsa mphamvu yake yambili ikamazungulila mofulumila, conco S imangoisunga pafupi na pamene pali mphamvuyo, ili cile. Pa mamotoka a CVT monga Fit, Vitz zambili, Note na Allion zatsopanoko, mulibe magiya a mano osinthana. Muli lamba wacitsulo pakati pa mapule aŵili amene amafutukuka na kupanikizika. Koma mfundo ni imodzimodzi: S imauza mapule kuti asunge injini pamwamba.

Cinthu caciŵili, pa mamotoka amene ali na batani la Sport, ni copondela mafuta. Kale copondela cinali na waya wopita ku injini, ukaponda theka citseko ca mphepo cimatseguka molingana. Masiku ano phazi lanu limangopempha, kompyuta ndiye imasankha. Pa Sport, kuponda pang'ono kumaŵelengedwa monga kuponda kwambili. N'cifukwa cake motoka imadumpha pa loboti, imwe n'kuganiza kuti mwapeza mahosi ena. Mwangopatsidwa msanga zimene zinali pansi pa copondela kale. Pondani mpaka pansi pa D, pondani mpaka pansi pa Sport, mudzafika pa mphamvu imodzimodzi.

Apa nipatukeko pang'ono, cifukwa zilembo izi zasoceletsa ambili. Pa Toyota zambili zokulilapo, monga Mark X, mukakankhila ndodo kumbali pa S, pa dashibodi pamaoneka S4 kapena nambala ina. S imeneyo si Sport kwenikweni. Nambala ija ni denga: S4 itanthauza kuti giyabokosi ili na ufulu wosintha pakati pa giya 1 na 4, koma 5 na 6 mwaitsekela. Mukaiŵala n'kupita nayo ku Kabwe, makilomita pafupifupi 140, mwayenda ulendo wonse popanda magiya aŵili amene anaikidwamo kuti asunge mafuta. Toyota zakale zili na batani la ECT PWR, limene ndiye m'bale weniweni wa Sport, limacedwetsa kusintha magiya. Ndiye pali kabatani ka pambali pa ndodo, ka O/D. Nyali ya O/D OFF ikayaka pa dashibodi, giya yomaliza yatsekedwa. Nakwelapo Corolla ya taxi imene nyali imeneyi inali yoyaka, ndipo dalaivala ananiuza monyada kuti ni cizindikilo cakuti zonse zili bwino.

Manje nkhani ya mafuta. Injini ya masilinda anayi ikamazungulila ka 2,000 pa mineti, mumaphulika moto ka 4,000. Ikafika pa 3,500, kuphulika kumakhala ka 7,000. Sinikamba kuti mafuta amawilikiza molingana na manambala amenewa, iyayi, cifukwa kuculuka kwa mafuta pa kuphulika kulikonse kumadalila katundu amene injini ikukoka. Koma kuzungulila kulikonse kuli na msonkho wake. Mapisitoni amakhulana na makoma, mapampu a oilo na madzi amafuna gawo lawo, ndipo injini imene ikuthamanga citseko ca mphepo cili cotseka pang'ono imavutika kukoka mpweya, monga munthu amene akumwa maheu a nseke na kathumba kopyapyala. Msonkho umenewu umalipilidwa na petulo, ndipo suyendetsa motoka olo mita imodzi. Pa D, kompyuta imayesetsa kuucepetsa. Pa S, mwaiuza kuti isavutike nazo.

Koma cimene cimadya kwambili si makina, ni mwendo. Motoka yodumpha imaitana kudumphitsa. Mumanyamuka pa loboti mwamphamvu, mamita 200 kutsogolo mwapeza mzele waima, mwaponda buleki. Liwilo lonse lija munaligula na petulo, ndipo buleki yalisandutsa kutentha n'kulitaya mumphepo. Bwelezani zimenezi ka 100 patsiku. Amene munamusiya pa loboti uja ali pambali panu, mawindo otsegula, akumvela wailesi.

Tiyelekeze na manambala ongopeka, imwe muikepo anu. Tinene kuti mumayenda makilomita 150 patsiku monga anyamata onyamula anthu. Ngati motoka ikupatsani makilomita 13 pa lita, mufunika malita 11 na theka. Ngati S na mwendo wolemela zatsitsa kufika pa makilomita 11 na theka pa lita, mufunika malita 13. Kusiyana ni lita na theka cabe, kooneka kocepa. Pa masiku 26 a nchito ni malita 39. Thanki ya Fit imaloŵa malita pafupifupi 40. Ndiye kuti mwezi uliwonse thanki yathunthu yapita kumphepo. Culukitsani na mtengo umene ERB yalengeza mwezi uno, muone ngati si thumba la unga na zina pamwamba.

Musakhulupilile ine, ndipo musakhulupilile kwambili kanambala ka pa dashibodi. Dzazani thanki mpaka pampu itadziimitsa yokha, bwezani trip pa zilo, yendani wiki imodzi pa D. Dzazaninso pa pampu imodzimodziyo, gaŵani makilomita na malita amene aloŵa. Wiki yotsatila citani cimodzimodzi pa S, njila zomwezo. Vuto lathu n'lakuti ambili timathila ya K100, ya K150, thanki siidziŵa kukhuta, conco sitidziŵa zoona zake za motoka yathu. Timangoyang'ana singano n'kutukwana boma.

Pa mseu waukulu nkhani imasiyanako. Ngati muli pa liwilo limodzi ndipo motoka yanu imalola giya yomaliza olo pa Sport, kusiyana kwa mafuta kumacepa kwambili. Kumeneko mdani ni mphepo. Kukankha kwa mphepo kumakula mowilikiza liwilo na liwilo lomwelo: kucoka pa 100 kufika pa 120, mphepo imakukanizani pafupifupi nthawi imodzi na theka kuposa poyamba. Koma mamotoka ambili ang'onoang'ono salola giya yomaliza pa S, amangosunga injini pamwamba ulendo wonse, ndipo mudzamva na makutu kuti cinacake sicili m'malo.

Ngati zili conco, n'cifukwa ciani nakamba kuti S ni cida cabwino? Cifukwa n'naona tsiku limene inafunika ndipo sitinaigwilitsile nchito.

Zaka zingapo zapitazo n'napelekeza amalume ku Chirundu. Motoka inali yodzala: ise aŵili kutsogolo, azimayi atatu kumbuyo, buti yodzaza matumba. Amene anayendako adziŵa kuti ukapitilila Kafue n'kupatukila kumanzele, mseu umayamba kutsika mapili kuloŵa m'cigwa ca Zambezi. Kucoka pa mamita oposa 1,200 a ku Lusaka, umakafika pa mamita pafupifupi 400. Pa Kapiringozi amalume anacita cimene madalaivala ambili amacita: anakankhila ndodo pa N.

"Amalume, mwacotselanji giya?"

"Mphwanga, potsika motoka imayenda yokha. Mafuta ni ndalama."

Sin'natsutse. Munthu wamkulu, motoka yake, ndipo ine panthawiyo n'nalibe na laisensi yomwe. Tinatsika phazi lawo lili pa buleki, kona na kona. Kenaka kunayamba kununkha monga mphika wapselela. Ndiyeno n'naona mwendo wawo ukupita pansi kuposa kale, nkhope yasintha, akupopa copondela kaŵili katatu. Mwa mwayi panali malo otambalala pambali, thilaki imene inali kutsogolo inali patali, ndipo motoka inaima pang'onopang'ono. Ku mawilo akutsogolo kunali kutuluka utsi. Tinakhala pamenepo pafupifupi ola, azimayi akupemphela, amalume ali cete.

Cimene cinacitika n'cosavuta kumvetsa. Buleki imaimitsa motoka mwa kusandutsa liwilo kukhala kutentha. Mukaigwila kwa mphindi zambili osaipumitsa, mapadi amapsa n'kuleka kugwila bwino, ndipo mafuta a mabuleki, maka-maka akale amene anayamwa cinyezi, amaŵila. Nthunzi imapanikizika, conco copondela cimangomila. Mankhwala ake ni kulola injini kugwila motoka. Ikani pa S, kapena pa B ngati ni Vitz, pa L kapena 2 ngati phili ni loopsa, cotsani phazi pa mafuta. Injini idzalila, musaope. Buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi, n'kuisiya ipume.

Ndipo cimene amalume sanadziŵe n'ici: pa mamotoka ambili a masiku ano, mukamatsika muli m'giya phazi lili kumbali, kompyuta imatseka mafuta opita ku injini. Mawilo ndiwo amazungulitsa injini. Pa N, injini ifunika kumwa kuti isazime. Conco anaika miyoyo isanu pa ngozi pofuna kusunga mafuta, pamene njila yotetezeka ndiyo inali yosamwa n'komwe. Apa S imacita zosiyana na mbili yake: phokoso lambili, petulo pafupifupi zilo. Amene mumapita kumudzi ku Chipata, Katete kapena Petauke, kumbukilani zimenezi pa Manenekela musanafike pa mlatho wa Luangwa. A ku Southern, pa Munali Hills.

Pokwela mapili amodzimodziwo S imathandizanso. Pa D, giyabokosi imasoŵa mtendele: yakwela giya, mphamvu yacepa, yatsika, yapezako mpweya, yakwelanso. Kusinthasintha kumeneku kumatenthetsa mafuta a m'giyabokosi. S imagwila giya imodzi mpaka pamwamba.

Malo ena ni popitilila thilaki pa mseu wa mizele iŵili. Pa D, mukaponda mpaka pansi, giyabokosi imatsika giya yokha, koma pamapita kamphindi ikuganiza, ndipo kamphindi kameneko mumakathela ku mzele wa anthu obwela. Mukaika pa S mukali kumbuyo kwa thilaki, injini imakhala itadzuka kale, mukatuluka mwatuluka. Mukabwelela kumanzele, bwezani pa D. Izi n'zanzelu. Koma tiŵelengeko pang'ono. Mathilaki a ngolo ziŵili amene amapita ku Copperbelt amatalika mamita oposa 20. Muonjezepo mpata wakumbuyo, utali wa motoka yanu na mpata wakutsogolo, mufunika kupambana thilaki na mamita pafupifupi 65. Ngati iyo ili pa 70 imwe pa 100, zimenezi zimatenga masekondi pafupifupi 8. Pa masekondi amenewo mwayenda mamita 220, ndipo basi imene ikubwela pa 100 yayenda enanso 220. Mufunika kuona mseu woyela pafupifupi theka la kilomita. S ingakucotseleni sekondi imodzi. Siingafupikitse thilaki, ndipo siingakuonetseni za kuseli kwa kaphili.

Tafika pa mbali imene imanidetsa nkhawa, ya kagwilidwe ka mseu. Anyamata amati ukadina Sport motoka imamatilila pansi. Tifunse: n'ciani casintha pakati pa motoka na phula?

Pa mamotoka ambili, ciwongolelo cimalemela. Cifukwa cake n'cakuti kamota ka magetsi kamene kamakuthandizani kupinda kauzidwa kuti kacepetse thandizo. Manja amamva kulimba, mutu n'kumasulila kuti motoka yakhazikika. Pa liwilo lalikulu kulemela kumeneku kuli na ubwino, cifukwa dzanja silipinda mopitilila mwangozi. Koma mawilo akupinda cimodzimodzi, ndipo mphamvu imene tayala lingagwile nayo mseu siinasinthe olo pang'ono. Mamotoka odula, monga BMW, Mercedes-Benz na Audi zina, ali na mashoko amene kompyuta ingawalimbitse. Amenewo amacepetsadi kupendama pa kona. Koma anapangidwila mseu wosalala. Pa mseu wa m'komboni wa maenje na zigamba, shoko yolimba imadumphitsa tayala, ndipo tayala limene lili m'mwamba siligwila ciliconse. Ndipo BMW zina zimatulutsa kulila kwa injini m'masipika kuti mtima wanu ukondwe. Fit, Vitz, Demio na Spacio zathu zilibe mashoko otelo. Zili na amene zinabwela nawo ku Japan, amene mahampu na maenje a ku Lusaka anawamaliza kale.

Motoka yonse imakhudza pansi pa malo anayi, alionse aakulu monga cikhatho. Kunyamuka, kupinda na kuima, zonse zimagaŵana mphamvu ya zikhatho zinayi zimenezi. Mukapempha zambili zonyamukila muli pakati pa kona, zopindila zimacepa. Apa ndiye pamene copondela caukali ca Sport cimakhala mdani. Pa motoka yokoka na mawilo akutsogolo, monga Fit kapena Allion, mphuno imakana kupinda n'kupita molunjika kunja kwa kona. Pa yokankha na mawilo akumbuyo, monga Mark X kapena Altezza, matako ndiwo amathaŵa, ndipo dalaivala amene sanazoloŵele amapezeka wayang'ana kumene wacokela. Ganizilani za mvula yoyamba ya mu November, pamene fumbi na oilo za miyezi isanu na umodzi zasanduka sopo pa phula. Ganizilani za laundabauti ya Kabwe usiku, kapena mseu wa miyala wopita ku mapuloti. M'malo otelo mufunika motoka yofatsa, imene imayankha mocedwa. Si pacabe kuti Toyota zina zili na batani lolembedwa SNOW, limene limafooketsa kanyamukidwe dala. Cipale cozizila kuno kulibe, koma matope tili nawo.

Pali cinanso. Mamotoka atsopano ali na kompyuta yoletsa kutelela, Toyota imaicha VSC, Honda VSA. Ikaona kuti motoka yayamba kupita kumene ciwongolelo sicinaloze, imagwila buleki ya wilo limodzi n'kucepetsa mphamvu ya injini. Pa mamotoka ena, Sport imauza mlonda ameneyu kuti ayambe wapenyelela, alole kutelela pang'ono asanaloŵelele. Pa bwalo la mpikisano zimenezo n'zokondweletsa. Pa Leopards Hill Road, pamene pali munthu wa njinga na thumba la malasha m'mbali, si nthawi yopumitsa mlonda. Ndipo ku Japan lamulo lokakamiza cipangizo cimeneci pa mamotoka atsopano linayamba mu 2012. Yaciŵili-ciŵili yanu ya 2007 mwina ilibe n'komwe.

Ngati mufunadi motoka yogwila mseu, gwadani muyang'ane matayala. Pambali pa tayala pali manambala anayi m'kabokosi: 2318 atanthauza wiki ya 23 ya caka ca 2018. Labala imauma na zaka olo mizele ikali yakuya. Onaninso ngati palembedwa studless. Amenewo ni matayala a nyengo yozizila ya ku Japan, amabwela ambili na mamotoka kapena m'makontena a matayala akale, ndipo pa phula lotentha la mu October kapena pa mseu wonyowa amacedwa kuima. Pimani mphepo. Dinikizani kona ya motoka na thupi lanu n'kuisiya. Ikapitiliza kuvina, mashoko anatha. Ndalama ya thanki ija imene S imadya pamwezi, mukaisunga miyezi yocepa, ingagule matayala aŵili atsopano. Amenewo ndiwo amasintha mmene motoka imapindila.

Nidziŵa cimene ena adzakamba: "Motoka ni yanga, mafuta ni anga, nimakonda mmene imamvekela." Zoona, ndipo sinidzanama kuti ine sinikondwela nayo. Pa Sondo m'maŵa, mseu uli mbee, injini yatentha bwino, pali kukoma kwake kumva motoka ikuyankha msanga. Amene wasankha kulipila cisangalalo cimeneco akudziŵa mtengo wake, nilibe naye mlandu, malinga asapitilile liwilo lololedwa ndipo asaike ena pa ngozi. Mlandu wanga uli na bodza lakuti S ni yofunika pa umoyo wa injini, kapena kuti D imaipangitsa ulesi. Injini ilibe ulesi. Ngati motoka imangoyenda maulendo afupiafupi, cimene cimaithandiza ni ulendo wautali itatentha bwino na kusintha oilo panthawi yake, osati kukuwa m'jamu ya pa Lumumba. Komanso si zoona kuti S imapha injini, monga ena amaopsezela. Cimene nimaopela ni CVT yakale imene mafuta ake sanasinthidwepo cicokeleni ku Japan, kapena imene wina anathilamo mafuta a giyabokosi wamba m'malo mwa a CVT. Imeneyo kutentha kowonjezela sikuifunila zabwino. Ndipo m'maŵa wa mu June, oilo ikali yolemela, ipatseni mphindi zocepa zoyenda mofatsa musanaikwiyitse.

Msuweni wanga anabweza ndodo pa D tsiku lomwelo, pa loboti ya pa Manda Hill, akung'ung'udza kuti motoka yafa. Masiku aŵili oyamba anali kuniimbila foni kuti ma minibasi akumudula kutsogolo. Wiki itatha anadzaza thanki kwa nthawi yoyamba cigwilileni motoka ija, n'kuyamba kulemba makilomita na malita kumbuyo kwa kabuku ka malisiti. Kwa makanika uja sanabwelelekonso. Pa Cisanu ali na kasitoma wofuna kupelekedwa ku Siavonga, ndipo dzulo ananitumila uthenga kufunsa kuti potsika mapili aike pa S kapena pa L. N'namuyankha kuti ayambe na S, ikapitiliza kuthamanga yokha atsikile pa L, ndipo asananyamuke akaonetse mafuta a mabuleki.